Tisabise kalata ya adokotala: zimene kamela ya nyukiliya imaona mu impso

Pali mau ena amene akangochulidwa mtima umadumpha, ndipo ena mwa mau otelo ndi akuti nyukiliya. Ife amene timayendela odwala m'miphakati ya ku Kanyama, Chawama, George ndi makomboni ena a mu Lusaka taonapo kalata ya ku cipatala itapindidwa bwino-bwino ndi kuikidwa mkati mwa buku la nyimbo, mwini wake osafuna kuti ionekenso. Ukafunsa cifukwa, yankho limakhala lakuti adokotala analemba kuti mwana apite ku UTH akamujambule impso ndi nyukiliya, koma a neba anena kuti zimenezo ndi za mabomba, zimaumitsa magazi, ndipo munthu sabalanso. Ena amafika pochula za usatana, pakuti kuno kwathu ciliconse cokhudza nyeleti ndi magazi sicicedwa kupatsidwa dzina limenelo.

Mantha amenewa sitiwaseka, cifukwa ali ndi pocokela. Pa 6 August 1945 bomba la nyukiliya linaononga mzinda wa Hiroshima ku Japan, ndipo pa 9 August lina linagwa pa Nagasaki, pafupi ndi chalichi cacikulu ca Akatolika ca Urakami, n'kupha Akhristu zikwi-zikwi pamodzi ndi anansi ao. Mwala wa uranium wambili umene unagwilitsidwa nchito pa mabomba oyambawo unakumbidwa kufupi ndi kwathu kuno, pa mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, dela la ku Likasi, kungodumpha malile kucokela ku Copperbelt. Conco munthu akamva dzinalo n'kunjenjemela, sanapenge. Cimene cifunika n'cakuti adziwe kusiyana kwa moto wolusa m'chile ndi khala limodzi la pa mbaula.

Aliyense amene anasendapo mbuzi kapena nkhumba amazidziwa impso. Zili ziwili, zooneka ngati nyemba, zobisika m'mafuta kumbuyo kwa matumbo ca kumsana. Ya munthu wamkulu imakula ngati nkhonya yake. Mu impso imodzi muli tumasefa tung'ono-ting'ono pafupi-fupi 1 miliyoni, ndipo pa magazi onse amene mtima umapopa, gawo limodzi mwa magawo asanu limadzela kumeneko. Pa tsiku impso zimasefa madzi okwana malita 180, ndiko kuti zigubu 9 za malita 20 zija timatungila pa kiyosiki. Koma palibe amene amakodza zigubu 9. Pafupi-fupi madzi onsewo, pamodzi ndi mcele ndi shuga zimene thupi lifuna, impso zimabwezela m'magazi, ndipo cotsala ndi lita imodzi ndi theka kapena malita awili a mkodzo wonyamula zoipa. Ndi nchito ya mai wopeta ndi licelo, amene ataya mankhusu koma sataya mphale, ndipo impso ziicita usana ndi usiku.

Ansembe amene anatiphunzitsa Cilatini ku seminale anali kunena kuti impso m'cilankhulo cimeneco ndi ren, zikaculuka renes, ndipo n'kumene kunacokela dzina lakuti renogram limene mudzaliona pa kalata ya adokotala. Anatiuzanso kuti Ahebri anali kuona impso ngati malo obisikamo maganizo akuya a munthu. N'cifukwa cake m'buku la Levitiko impso za nyama zinali kupelekedwa pa guwa, ndipo mneneli Yeremiya anachula Mulungu ngati woyesa impso ndi mtima. Makolo aja anali kudziwa kuti ciwalo cimeneci cili pobisika, pamene maso a munthu safika.

Kubisika kumeneko ndiye vuto lake. Dzino likabooka umadziwa tsiku lomwelo. Impso ingathe kuonongeka kwa zaka popanda kuwawa, ndipo imodzi ikafooka inzake imasenza katundu wonse mwakacetecete. Pamene mapazi ndi nkhope ziyamba kutupa, cakudya osalowa, thupi kuyabwa, nthawi zambili matendawa amakhala atafika patali.

Kupima kofala kulipo, ndipo ambili a ife tidzathela pomwepo. Pa kiliniki ya ku Kalingalinga, Mtendere kapena George angapime BP, shuga ndi mkodzo. Pa zipatala za Matero, Kanyama ndi Chawama, zimene zinakulitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan, angatenge magazi kuti aone creatinine, ndiponso angaunike mimba ndi sikani ya ultrasound, ija amaunikila azimai apakati. Creatinine ndi zotsalila zocokela m'minofu zimene impso zimataya. Zikaculuka m'magazi ndiye kuti sefa yayamba kutsekeka. Koma kupima kumeneku kuli ndi polekezela. Creatinine ingaoneke bwino-bwino pamene theka la mphamvu ya impso lapita kale. Imatsatanso kukula kwa minofu: mnyamata wophwanya miyala ku Kalingalinga amakhala nayo yambili ngakhale ali bwino, pamene agogo oonda angakhale nayo yocepa koma impso zao zitatopa. Coposa zonse, magazi amangopeleka ciwelengelo ca impso zonse ziwili pamodzi. Sanena kuti ya kumanzele ndiyo ikoka ngolo yokha pamene ya kumanja ingotsatila goli. Ultrasound nayo imaonetsa maonekedwe, kukula kwa impso, mwala kapena kutupa, koma sinena ngati impsoyo igwila nchito. Munda ungaoneke wobiliwila ukauona uli pamseu, koma nkhokwe ndiyo imanena zoona.

Apa ndi pamene nyukiliya imalowela. Nzelu yake inayamba ndi nyemba. Mu 1923 wasayansi wa ku Hungary, George de Hevesy, anaika mizu ya nyemba m'madzi okhala ndi mtovu wocepetsetsa wotulutsa ceza, pambuyo pake n'kupima kuti waculuka bwanji m'mizu, m'tsinde ndi m'masamba. Anapeza kuti ngati cinthu cili ndi cizindikilo cimene makina angacimve, ungacitsate kulikonse kumene cipita m'cinthu camoyo. Analandila mphoto ya Nobel ya caka ca 1943 kaamba ka njila imeneyi. Mlimi wa kudimba amacita cimodzi-modzi: akafuna kudziwa ngati madzi ayenda m'ngalande, amaponyamo tsamba n'kuliyang'ana. Likathamanga, ngalande ili bwino. Likazungulila pamalo amodzi, pali potsekeka. Makina oona ceza cimeneci ali kunja kwa thupi, ochedwa gamma camera, anapangidwa ndi Hal Anger ku Berkeley, California, mu 1957. Kamelayo siitulutsa kanthu. Pa X-ray ceza cimacokela m'makina kudutsa m'thupi, koma apa cimacokela m'mankhwala ocepa amene wodwala walasidwa, ndipo kamela imangoyang'ana ndi kuwelenga.

Ng'ombe yokamidwa m'cipatala

Mankhwala amene amapeleka ceza cimeneci amachedwa technetium-99m. Technetium anaitulukila Carlo Perrier ndi Emilio Segrè ku Palermo, Italy, mu 1937, ndipo masiku ano pafupi-fupi 80 pa 100 ya masikani onse a nyukiliya pa dziko lapansi amadalila iyo. Ubwino wake ndi wakuti siikhalitsa. Pa maola 6 alionse mphamvu yake imatsika ndi theka. Munthu akalasidwa 8 koloko m'mawa, pofika 14 koloko patsala theka, 20 koloko patsala gawo limodzi mwa anai, ndipo pofika 8 koloko tsiku lotsatila patsala gawo limodzi cabe mwa 16, osawelengela zimene zatuluka kale mu mkodzo.

Ubwino womwewo ndiwo umabweletsa mutu kwa a cipatala. Mankhwala otha mphamvu pa tsiku limodzi sungawaike pa shelefu ngati Panadol. Cotelo mu 1958 akatswili a ku Brookhaven, pafupi ndi New York, anapeza njila. Pali cinthu cina cochedwa molybdenum-99 cimene cimasanduka technetium pang'ono-pang'ono, ndipo ico cimataya theka la mphamvu pa maola 66. Amaciika m'cotengela colemela cokutidwa ndi mtovu, ndipo m'mawa uliwonse wa nchito amathila madzi a mcele mkatimo n'kutulutsa technetium imene yabadwa usiku. Akatswiliwo eni ake cotengelaco amacicha ng'ombe, ndipo nchito ya m'mawayo amati kukama. Sitinapeke ife, ndi mmene amachulila. Koma ndi ng'ombe imene imauma msanga. Ikatha wiki imodzi, mkaka wake sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a tsiku loyamba, ndipo pafunika ina.

Ng'ombe zimenezi zimabadwila mu ng'anjo za nyukiliya zowelengeka cabe pa dziko lonse, mmene amaswa uranium. Imodzi ili ku Pelindaba, pafupi ndi Pretoria ku South Africa, dzina lake SAFARI-1, ndipo inayamba kugwila nchito mu 1965. Mu 2009 ndi 2010, pamene ng'anjo ya ku Chalk River ku Canada ndi ya ku Petten ku Netherlands zinatsekedwa kuti zikonzedwe, zipatala za ku Ulaya ndi America zomwe zinasowa mankhwalawa. Zambia ilibe ng'anjo yake, ngakhale kuti uranium tili nayo pansi ku dela la Siavonga ndi ku Lumwana. Mu 2018 boma linasaina cipangano ndi kampani ya ku Russia ya Rosatom comanga malo ofufuzila za nyukiliya ku Chongwe, ndipo cimodzi mwa zolinga zake cinali kupanga mankhwala otele kuno kwathu. Anthu ambili a m'delalo anadandaula za madzi ndi minda yao, ndipo madandaulowo anali oyenela kumvedwa. Cimene cikhudza wodwala lelo n'cakuti mankhwala ake amabwela pa ndeke kucokela kunja, ndipo amayamba kutha akali m'njila.

Ici cimveketsa cinthu cimene cimakwiyitsa anthu ambili. Odwala ofuna sikani yotele amawasonkhanitsa masiku owelengeka otsatizana, ng'ombe ikangofika. Akakuuzani kuti bwelani pa Ciwili, simungasankhe kubwela pa Cisanu ca wiki yamawa cifukwa mwapita kukagulitsa tomato ku Soweto Market. Ndipo tsiku likasinthidwa, kambili cifukwa cake cimakhala ndeke, ndalama zogulila kapena makina, osati nkhanza za nasi amene wakuuzani.

Mitundu ya kupima

Technetium payokha siidziwa njila yopita ku impso. Amaimangilila ku mankhwala ena amene impso zimawakoka, monga mmene m'busa amamangila belu pa ng'ombe imodzi kuti adziwe kumene gulu lapita. Maina atatu ndiwo amaoneka kawili-kawili pa makalata.

Loyamba ndi DMSA. Mankhwalawa amakamamatila ku mnofu wa impso umene uli moyo. Wodwala akalasidwa amayembekeza maola awili, atatu kapena anai, kenako amagona pa bedi kamela ili pafupi ndi msana kwa theka la ola kapena kupitililako. Pamene mnofu uli bwino pamawala, pamene pali cipsela pamaoneka ngati polumidwa. Kupima kumeneku kumacitika kwambili kwa ana amene amadwala-dwala matenda a m'njila ya mkodzo ndi kutentha thupi. Tikambe mosabisa: ana ambili otele m'makomboni mwathu amamwetsedwa mankhwala a malungo kangapo, mkodzo osapimidwa, pamene tizilombo tikukwela kucoka m'cikhodzodzo kupita ku impso. Nthenda iliyonse ingasiye cipsela, ndipo zipsela zikaculuka mwanayo angadzadwale BP akali wacinyamata, kapena mtsikana angadzavutike pa mimba yake yoyamba. Madokotala amakonda kudikila miyezi 4 kufika 6 nthenda itatha, kuti aone cipsela cokhalitsa osati kutupa kwa kanthawi.

Ena awili ndi DTPA ndi MAG3, ndipo ndi amene amapeleka renogram. Apa palibe kudikila. Wodwala amagona, amalasidwa kamela itayamba kale, ndipo kwa mphindi 20 kapena 30 kompyuta imatsata mankhwalawo pamene alowa mu impso, asefedwa, n'kutsika m'mipaipi iwili yopita ku cikhodzodzo. Impso iliyonse imakhala ndi mzele wake pa cithunzi. Ya bwino mzele wake umakwela msanga, kufika pamwamba pa mphindi zitatu kapena zisanu, n'kutsika. Yotsekeka mzele umangokwela osatsika. Yakufa mzele umagona pansi. Nthawi zina ultrasound imaonetsa impso yotupa ndi madzi, ndipo funso limakhala lakuti, kodi ndi dziwe lalikulu cabe limene madzi amadutsamo, kapena ndi kalavati yotsekeka ngati za ku Kanyama mu January? Kuti adziwe, amalasa Lasix, mankhwala okodzetsa aja, pakati pa kupima. Ngati ndi dziwe, madzi oculukawo amatsuka zonse ndipo mzele umagwa. Ngati ndi potsekeka, mzele umakana. Yankho limenelo ndilo limasiyanitsa mwana wofunika opaleshoni ndi mwana wofunika kungomuyang'anila.

Alimi ndi asodzi amve bwino apa. Likodzo, limene timalitenga m'madambo, m'madamu ndi m'mbali mwa Kafue, Luangwa ndi Kariba, silithela pa kukodza magazi kwa paubwana. Mazila a nyongolotsi zake amakhala m'khoma la cikhodzodzo ndi m'mipaipi ija, ndipo patapita zaka mipaipiyo ingacepe n'kubweza mkodzo ku impso. Praziquantel imapha nyongolotsi, koma siitsegula paipi imene inauma kale. Cimodzi-modzi azibambo acikulile amene prostate yatupa, ndi amene ali ndi miyala.

Pa kupima konseku pamatuluka ciwelengelo cimodzi cofunika kopambana, cimene magazi ndi ultrasound sizingapeleke: gawo la nchito la impso iliyonse. Munthu wabwino-bwino amakhala ndi pakati pa 45 ndi 55 pa 100 mbali iliyonse. Ikapezeka kuti ina igwila 30 ndipo inzake 70, adokotala amayesetsa kuipulumutsa yofookayo. Ikatsika pansi pa 10 ndipo ingobweletsa mafinya, ululu ndi BP, angaganize zoicotsa. Popanda ciwelengelo cimeneci, impso imene ikanacila ingacotsedwe, kapena munthu angang'ambidwe kuti akonze impso imene inafa kale.

DTPA imathandizanso kupima molondola kuculuka kwa madzi amene impso zisefa pa mphindi, pomatenga magazi kangapo maola angapo munthu atalasidwa. Wacinyamata wathanzi amasefa mamililita 90 kufika 120 pa mphindi. Kukhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu ndi matenda a impso okhalitsa, ndipo pansi pa 15 ndiye kuti impso zalephela. Ciwelengeloci cimafunika pomwe munthu ayamba mankhwala ena amphamvu a khansa, monga amene amapelekedwa ku Cancer Diseases Hospital, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi UTH, pakuti mlingo wake umatsata mphamvu ya impso.

Nanga ngozi yake?

Ceza cimapimidwa ndi muyeso wochedwa millisievert. Munthu aliyense pa dziko lapansi amalandila pafupi-fupi 2.4 pa caka kucokela m'nthaka, m'miyala, mu mpweya ndi kumwamba. Ngakhale potashi wa mu feteleza wa D Compound, ndi potaziyamu wa mu nthoci ndi m'matupi mwathu momwe, ali ndi kacigawo kocepetsetsa kotulutsa ceza. Mlengi anazipanga motelo. Sikani ya impso imapeleka pafupi-fupi millisievert imodzi, kapena kucepelapo, ndiko kuti zimene tikanalandila m'miyezi isanu tili phee pakhomo. Sikani ya CT ya pamimba, imene anthu saiopa n'komwe, imapeleka kuwilikiza kangapo. Mlingo wotele suumitsa magazi, sugwetsa tsitsi ndipo suletsa kubala. Mankhwala ake ndi ocepa moti saononga impso yodwala, cimene sitinganene za utoto wina umene amalasa pa CT. Sitikuti ceza n'cakudya. N'cifukwa cake sapima munthu popanda cifukwa, mlingo wa mwana amaucepetsa kulingana ndi sikelo yake, ndipo mai wapakati kapena woyamwitsa ayenela kunena asanalasidwe. Zambia ndi membala wa bungwe la dziko lonse la IAEA kuyambila 1969, ndipo lamulo la 2005 linakhazikitsa Radiation Protection Authority kuti iyang'anile aliyense wogwilitsa nchito ceza m'dziko muno.

Impso si sefa cabe. Zimapanga mankhwala olamula mafupa kuti apange magazi, n'cifukwa cake wodwala impso amayela m'maso ngakhale adye bondwe ndi ciwawa tsiku lililonse. Zimakonza vitamini D kuti mafupa alimbe, zimalamula BP, ndipo zimaphwanya insulin imene yatha nchito. Mfundo yomalizayi ili ndi msampha. Munthu wa shuga impso zake zikayamba kulephela, insulin imakhalitsa m'magazi ndipo shuga imatsika yokha. Iye amakondwela, mwina amakaimilila pa msonkhano wa mapemphelo kucitila umboni kuti wacilitsidwa, n'kutaya kadi ya ku kiliniki. Timakhulupilila kuti Mulungu amacilitsa, koma shuga ya zaka 15 ikatsika mwadzidzidzi popanda kusintha kadyedwe, pitani mukapimitse impso musanapite kukagula mbuzi ya cikondwelelo.

Palinso kamela ina ya nyukiliya yochedwa PET, imene imaona mmene ziwalo zidyela cakudya. Amalasa shuga yokhala ndi fluorine-18, ndipo malo amene adya kwambili, monga khansa, amawala. Fluorine ameneyu amataya theka pa mphindi 110 cabe, conco makina omupangila ayenela kukhala pafupi, ndipo kwa zaka zambili odwala athu ofuna sikani imeneyi anali kupita ku South Africa kapena ku India. Pa impso zenizeni shuga yoteleyi siithandiza kwambili cifukwa imatulukila mu mkodzo n'kuphimba cithunzi. Ofufuza a kunja ayesa mankhwala ena kuti aone mmene impso igwilitsila nchito mpweya, poganiza kuti impso ya wa shuga imayamba kutopa mkodzo usanasinthe. Zimenezo zikali za ofufuza, si za pa kalata yanu.

Impso zonse ziwili zikalephela, pamatsala njila ziwili. Ina ndi dialysis, makina osefa magazi, kambili katatu pa wiki maola anai ulendo uliwonse. Welengani nokha mabasi ocokela ku George kapena Kanyama popita ndi pobwela, ndi masiku osagwila nchito. Ina ndi kulandila impso ya munthu wina. Opaleshoni yoyamba yopambana inacitika ku Boston mu December 1954 pakati pa abale amapasa, ndipo dokotala wake, Joseph Murray, anali Mkatolika. Kuno kwathu yoyamba inacitikila ku UTH mu October 2018. Wopeleka impso amapimidwa kwambili, ndipo renogram imathandiza kutsimikiza kuti zonse ziwili zigwila bwino. Ngati zisiyana, lamulo la madokotala n'lakuti yamphamvu itsale ndi mwini wake. Ena amafunsa ngati Mpingo ulola. Ulola: Katekisimu pa nambala 2296 avomeleza kupeleka ciwalo ngati munthu wavomela mwaufulu ndipo ngozi yake si yopitilila, ndipo Papa John Paul II, yemwe anatiyendela mu May 1989, anauza madokotala a nchitoyi ku Rome pa 29 August 2000 kuti ndi nchito ya cikondi ceniceni. Cimene Mpingo ukana ndi kugulitsa ziwalo, ndi kukakamiza. Mtsikana wamasiye amene asungidwa pakhomo asasankhidwe ndi banja cifukwa cabe alibe pokanila.

Maganizo athu ndi akuti kamela ya nyukiliya ndi ya anthu owelengeka, ndipo sitifuna kuti owelenga athamangile ku UTH kukaipempha. Zimene zikutha impso m'makomboni ndi zodziwika: BP ndi shuga zosapimidwa, mcele wambili, diclofenac ndi Brufen zogula pa kantemba n'kumamwa miyezi cifukwa ca msana, mankhwala azitsamba osadziwika mlingo, malungo aakulu, ndi kupopela Gramoxone popanda zodzitetezela. Kolela nayo, monga ya 2017 kufika 2018 ndi ya 2023 kufika 2024 imene inasandutsa National Heroes Stadium kukhala cipatala, imaumitsa thupi mpaka impso kuima, ndipo wocila ayenela kudzapimitsanso. Amene amwa ma ARV asaleke, koma akumbutse a kiliniki za kupima creatinine. Makina a BP amodzi pa mphakati uliwonse angapulumutse impso zambili kuposa kamela iliyonse, ndipo Tsiku la Odwala pa 11 February kapena Tsiku la Impso, pa Cinai caciwili ca March, ndi nthawi yabwino yoitana anasi a m'parishi kuti apime anthu pabwalo la chalichi. Koma kwa ocepa amene adokotala awalembela, kamelayo ilibe colowa m'malo mwake, ndipo boma liyenela kuona kuti ng'ombe ija ifika pa nthawi yake, osati kusiya mai wocokela ku Petauke kapena Mumbwa agone pa khonde la acibale ku Mtendere mwezi wathunthu.

Kwa amene kalata ili kale m'manja, zofunika ndi izi. Pitani tsiku limene mwauzidwa, m'mawa. Pa sikani ya impso nthawi zambili safuna kusala kudya, koma amafuna kuti mumwe madzi okwanila musanafike, conco tengani botolo. Tengani makadi onse, zithunzi za ultrasound ndi mapaketi a mankhwala amene mukumwa, maka-maka a BP ndi okodzetsa, ndipo musaleke alionse pokhapokha adokotala atanena. Wa mwana atenge matewela apadela, cakudya ndi citenge, pakuti mwana afunika kugona osagwedezeka ndipo mai amaloledwa kukhala pambali pake ngati alibe pakati. Ululu ndi wa nyeleti cabe. Mukabwelela, imwani madzi ambili, kodzani pafupi-pafupi ndi kusamba m'manja; cimbudzi ca dzenje cili bwino, pakuti pakatha masiku awili cotsala ndi gawo limodzi mwa 256. A mphakati angathandize ndi ndalama ya basi ndi munthu wopelekeza. Potenga zotsatila, funsani adokotala kuti impso ya kumanzele igwila zingati pa 100 ndipo ya kumanja zingati, tsiku lobwelanso ndi liti, ndipo mulembe manambalawo kumbuyo kwa kadi.